Laputopu ikayaka mapulogalamu akutseguka okha, ndiwaletse pati?

Kanjala_92
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Laputopu ya pa shopu yotayipa ndi kusindikiza kuno ku Kapata ili ndi Windows 10, RAM 4GB, ndi hadi disiki yakale ija yozungulira. Ukaiyatsa desikitopu imaoneka msanga ndithu, koma kuti mausi ayambe kumvera pamadutsa mphindi zingapo. Nthawi imeneyo Teams yatseguka yokha, uTorrent nayo, Spotify, kenako Edge, popanda munthu kuzikhudza. Makasitomala amakhala ataima ndi mapepala awo. Zimenezi zimaletsedwa pati? Kufomata sindikufuna, muli ntchito za anthu.

Mphangwe_IT
Kufomata ayi, vutoli silinafike pamenepo. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager itseguke. Ikabwera yaing'ono, dinani More details pansi pake. Pitani pa gawo lolembedwa Startup. Pa Windows 11 limatchedwa Startup apps ndipo lili kumanzere. Mupeza mndandanda wa mapulogalamu amene anadzilembetsa kuti azidzuka pamodzi ndi Windows. Pa iliyonse onani mwini wake pa Publisher, onani ngati ili Enabled kapena Disabled, kenako onani Startup impact.

Startup impact ija siyongopeka, Windows imachita kuyeza. Imalemba High pa pulogalamu imene yadya nthawi ya purosesa yoposa sekondi imodzi, kapena yawerenga ndi kulemba pa disiki zoposa 3MB pamene kompyuta ikuyaka. Low ndi imene sinafike mamilisekondi 300 ndiponso 300KB. Medium ili pakati pa ziwirizi. Pa laputopu ngati yanuyo chimene chikupweteka kwambiri ndi mbali ya disiki. Hadi disiki yozungulira imawerenga malo amodzi pa nthawi, ndiye mapulogalamu khumi akamaiitana pamodzi, singano yake imangothamanga uku ndi uku ndipo palibe amene akumaliza msanga.

Sankhani Teams, dinani Disable pansi kumanja. Chitani chimodzimodzi pa Spotify ndi uTorrent. Ngati Skype ikadalimo ichotseni kumene, Microsoft inaitseka mu May 2025. Disable siichotsa pulogalamu m'kompyuta. Mukaifuna mudzaitsegula nokha, ndipo idzagwira ntchito monga kale.

mwana_wa_Katete
Njira ina yachidule: Settings, Apps, Startup. Mndandanda ndi womwewo, mumangozimitsa ndi kabatani ka On ndi Off.

Zingalume77
Osavutika kusankha. Ikani Disable pa zonse basi.

MayiTekinishani
A Zingalume, zonse ayi. Mukatero mawa a Kanjala abweranso kudzadandaula kuti mabatani a voliyumu sakugwira. Pali zina zofunika kuzisiya. Zolembedwa Realtek ndi za mawu, ndipo pa malaputopu ena ndizo zimazindikira kuti mwalowetsa mahedifoni. Synaptics kapena ELAN ndi za touchpad, mukaziletsa kuseweretsa zala ziwiri kutha kuleka. Zolembedwa hotkey za kampani imene inapanga laputopuyo ndizo zimayendetsa mabatani a Fn. Ndipo popeza ndi shopu yosindikiza, samalani ndi pulogalamu ya pirinta. Kusindikiza kwenikweni kumadalira dalaivala, kapulogalamu kolumikiza pirinta ndi Windows, choncho kupitirira, koma kapulogalamu koonetsa inki yotsala ndi kosikana podina batani pa pirinta nthawi zambiri kamadzuka kudzera pa Startup.

Chimene simukuchidziwa, dinani batani lakumanja la mausi pa dzina lake, musankhe Open file location muone foda imene chikukhala, kapena Search online. Muzimitsa ziwiri kapena zitatu, muyatsenso kompyuta, muone ngati zonse zili bwino, kenako mupitirize. Mukazimitsa makumi awiri nthawi imodzi, china chikasokonekera simudziwa kuti ndi chiti.

Zingalume77
Nanga Windows Security notification icon? Imeneyo ukaizimitsa antivairasi siifa?

MayiTekinishani
Siifa. Chimenecho ndi kachishango kaja ka pafupi ndi wotchi. Defender mwini wake, antivairasi ya Windows, amayenda ngati service, pulogalamu yogwira ntchito mobisika, amadzuka munthu asanalowe n'komwe mu akaunti. Koma kasiyeni, sikalemera, ndipo ndi kamene kamaonetsa msanga pakakhala chovuta.

Kanjala_92
Zikomo mayi, zikomo a Mphangwe. Teams ndi Spotify zaleka. Koma Edge ikubwerabe, ndipo uTorrent ndaiona yabwereranso pa mndandanda.

Mphangwe_IT
Apa pali zinthu ziwiri zosiyana. Mapulogalamu ena ali ndi lamulo lawolawo m'kati, ndipo mukawatsegula kapena akalandira update amadzilembetsanso. Tsegulani uTorrent, Options, Preferences, General, muchotse kachonga pa mzere wonena kuti iziyamba Windows ikayamba. Telegram, Zoom ndi Spotify nazonso zili ndi mzere wotere mu Settings zawo. Kuzimitsa m'kati mwa pulogalamu ndiye kumakhalitsa.

Za Edge, tsegulani Settings zake, mupite pa System and performance, muzimitse Startup boost ndiponso mzere wolola kuti izigwirabe ntchito mobisika mutaitseka. Startup boost imadzutsa mbali ya Edge mwakachetechete kuti mukaidina itseguke msanga, koma pa RAM ya 4GB phindu lake ndi lochepa kuposa mtolo wake. Chrome nayo ili ndi mzere wofanana pa Settings, System.

Ngati Edge ikutseguka ndi masamba amene munasiya dzulo, ndiye si Startup, ndi Windows imene ikubweza zimene zinali zotsegula pozimitsa. Pitani pa Settings, Accounts, Sign-in options, mutsike mpaka pa Restart apps, muike Off.

Lutembwe
Zonsezi ndi zabwino koma tinene zoona. Laputopu ya hadi disiki yozungulira ndi Windows 10 idzachedwabe. Tsegulani Task Manager pa Performance itangoyaka, mupeza Disk ili pa 100%. Mankhwala ake ndi SSD, disiki yachangu yosazungulira, ya SATA ya mainchesi 2.5, imalowa malo omwewo a hadi disiki, ngakhale ya 256GB ikwana. Yakaleyo muiike mu kabokosi ka USB muzisungiramo mafayilo.

Mphangwe_IT
SSD imathandiza kwambiri, palibe wotsutsa. Koma siichotsa vuto la RAM. Pulogalamu ikadzuka yokha siimangochedwetsa kuyaka, imakhala m'RAM tsiku lonse. Windows 10 payokha imatenga gawo lalikulu la 4GB ija. Onjezani Teams ndi Edge yobisika, mukatsegula Word ndi PDF yaikulu malo atha, Windows iyamba kutayira zinthu mu page file, fayilo ya pa disiki yosungiramo zimene zasefukira m'RAM. Ndiye kuyeretsa Startup kuchitike kaye, n'kwaulere. SSD ibwere pambuyo ndalama ikapezeka.

Lutembwe
Pamenepo ndavomera. Koma asayembekezere kuti ikhala ngati yatsopano.

wa_ku_Mwami
Musaiwale nkhani ya bandulo. uTorrent ikadzuka yokha imayamba kutumiza mafayilo kwa anthu ena pa intaneti, ngakhale inu simukutsitsa kanthu. OneDrive nayo imayamba kukweza chilichonse chatsopano chili pa Desktop ndi mu Documents ngati inalumikizidwa ndi mafoda amenewo. Pa shopu yosikana mapepala tsiku lonse, bandulo ikhoza kutha musanatsegule ngakhale imelo imodzi. Ngati mumagwiritsa hotspot ya foni kapena MiFi, pitani pa Settings, Network & Internet, Wi-Fi, mudine dzina la netiweki yanu, muyatse Set as metered connection. Windows imachepetsa ma update otsitsa yokha, ndipo OneDrive imayamba yaima.

Nsenga_boy
Metered ija ndi ya netiweki iliyonse payokha. Mukasintha foni yopereka hotspot muyenera kuyatsanso.

Chadiza_Net
Popeza tayamba za bandulo, kodi pa Airtel, MTN ndi Zamtel ndi iti ikugwira bwino cha ku Chadiza masiku ano?

MayiTekinishani
Amalume, imeneyo tsegulani nkhani yake padera, apa a Kanjala asokonezeka.

Dalaivala_wa_C
Ndiwonjezereko, chifukwa Task Manager siionetsa zonse. Pulogalamu ili ndi makomo angapo olowera pamene Windows ikuyaka.

Khomo loyamba ndi foda ya Startup. Dinani batani la Windows ndi R, mulembe shell:startup, mudine Enter. Chilichonse chili mu foda imeneyo chimatseguka inu mukalowa mu akaunti yanu. Ya anthu onse a pa kompyutayo imatseguka mukalemba shell:common startup. Lachiwiri ndi Registry, kaundula wa makonzedwe a Windows, pa HKEY_CURRENT_USER\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Run, ndi malo ofanana nawo pansi pa HKEY_LOCAL_MACHINE. Makomo awiriwa ndi amene Task Manager imawerenga.

Amene siiwerenga pa gawo la Startup ndi Task Scheduler ndi Services. Lembani taskschd.msc, mudine Task Scheduler Library, muyang'ane pa Triggers. Zolembedwa At log on kapena At startup zimadzuka zokha. Mapulogalamu ambiri ofufuza ma update amabisala kumeneku, n'chifukwa chake munthu amazimitsa zonse mu Task Manager koma disiki n'kumalirabe. Kumenekonso gwiritsani Disable, osati Delete. Za mu foda ya Microsoft zisiyeni.

Services zimatseguka ndi services.msc. Iliyonse ili ndi Startup type: Automatic, Automatic Delayed Start, Manual kapena Disabled. Ya pulogalamu imene mumaifuna koma osati nthawi yomweyo, iikeni pa Delayed Start, imadikira pafupifupi mphindi ziwiri kuti zina ziyambe zakhazikika. Manual ndi yabwino kuposa Disabled, chifukwa pulogalamu ikaifuna service yake imatha kuidzutsa. Print Spooler musaikhudze, ikaima palibe pepala lituluke.

Kanjala_92
Akulu, Registry ndikuiopa.

Dalaivala_wa_C
Mukuchita bwino kuiopa, regedit ilibe batani lobweza. Simufunika kulowamo ndi manja. Tsitsani Autoruns pa webusayiti ya Microsoft. Ndi ya gulu la Sysinternals la Mark Russinovich ndi Bryce Cogswell, limene Microsoft inagula mu 2006. Ndi yaulere, ndi yaing'ono, siifuna kuikidwa, mumangoitulutsa mu zip n'kuitsegula ndi Run as administrator. Imasonkhanitsa makomo onse aja pamalo amodzi.

Poyamba pitani pa Options muyatse Hide Microsoft Entries kuti za Windows zibisike. Kenako muyang'ane magawo atatu okha: Logon, Scheduled Tasks ndi Services. Mzere wachikasu ukutanthauza kuti fayilo yake kulibenso, pulogalamu inachotsedwa koma dzina linatsala. Wofiirira ukutanthauza kuti mwini wake sanatsimikizike. Si kuti ndi vairasi nthawi zonse, mapulogalamu ena abwinobwino amaonekanso choncho, koma ndi ofunika kuwafufuza. Kuchotsa kachonga kumaletsa, kukabwezera kumadzutsanso. Magawo a Drivers ndi Winlogon musawagwire, kulakwitsa kumeneko kompyuta ikhoza kulephera kufika pa desikitopu.

Nsenga_boy
Mu Scan Options muli Check VirusTotal.com. Imayerekeza fayilo iliyonse ndi ma antivairasi ambiri n'kuonetsa kuti angati akuikayikira. Imafuna intaneti.

MayiTekinishani
Apa ndiye pofunika kwambiri kwa a Kanjala, chifukwa kompyuta ya pa shopu imalandira mafulashi a aliyense, a ana a sukulu, a m'maofesi, a ofunsira ntchito. Vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut imakhalira pa Startup pomwepa. Munthu akadina shortcut ya pa fulashi, kafayilo kobisika ka .vbs kapena .js kamadzikopera mu AppData kapena Temp, kenako kamadzilemba mu Run ndi mu foda ya Startup. Kuyambira pamenepo fulashi iliyonse yolowa imatuluka itadwala.

Chizindikiro chake pa mndandanda ndi dzina loti Microsoft Windows Based Script Host, kapena wscript.exe. Wscript payokha ndi ya Windows, koma pa kompyuta wamba ilibe chifukwa chodzukira yokha. Mukaiona, dongosolo lake ndi ili. Pitani pa Details mu Task Manager muimitse wscript.exe ndi End task, chifukwa ikadali moyo imalembanso chimene mwafufuta. Kenako muletse mzere wake mu Autoruns, mupite kumene kuli fayiloyo muifufute, muyendetse Full scan, ndipo pomaliza Microsoft Defender Offline scan imene imayatsanso kompyuta n'kufufuza Windows isanadzuke. Mafayilo a pa fulashi sanafufutidwe, anangobisidwa. Mu Command Prompt lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mukayamba ndi kuyeretsa fulashi kompyuta isanachire, mwataya nthawi.

Zingalume77
Kodi si msconfig imene timagwiritsa ntchito pa zimenezi? Ifetu tinaphunzira choncho.

Mphangwe_IT
Pa Windows 7 inde, msconfig ili ndi gawo la Startup lokhala ndi timabokosi tochonga. Kuyambira Windows 8 gawolo linasamukira ku Task Manager, mu msconfig munangotsala kalozera. Chimene msconfig ikadathandiza ndi clean boot, pofufuza chimene chikuchedwetsa: pa Services chongani kaye Hide all Microsoft services, kenako Disable all, muyatsenso. Ikathamanga, mubweze theka la zimene munazimitsa, muyesenso, mpaka wolakwa atapezeka.

Koma chonde, Hide all Microsoft services ija musaidumphe. Mukazimitsa za Microsoft, kapena mukasankha Diagnostic startup, PIN ikhoza kukana pa khomo lolowera, ndipo ngati password simukuikumbukira mwadzitsekera kunja. Chinanso, pa Boot, Advanced options, pali Number of processors ndi Maximum memory. Mavidiyo ena amanena kuti mukachonga pamenepo kompyuta iyaka msanga. Si zoona. Popanda kuchonga Windows imagwiritsa kale zonse, timabokosito ntchito yake ndi kuchepetsa.

Sinda_Sparks
Nanga Fast Startup? Ndi kuzimazima kwa malaiti kuno ena amati tiizimitse.

Lutembwe
Isiyeni yoyaka. Pa hadi disiki yozungulira ndiyo imapulumutsa nthawi.

Dalaivala_wa_C
Tiyambe tamvetsa chimene imachita. Fast Startup ikakhala yoyaka, Shut down siizimitsa Windows kotheratu. Imatseka mapulogalamu anu, imakutulutsani mu akaunti, koma mtima wa Windows ndi madalaivala imazisunga mu fayilo ya hiberfil.sys kuti mawa ingozinyamula. N'chifukwa chake pa Performance, CPU, mutha kupeza Up time ikuwerenga masiku ambiri chikhalirecho mumazimitsa usiku uliwonse. Dalaivala wa pirinta akasokonezeka, Shut down imasunga chisokonezocho, Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano. Kugwira Shift podina Shut down nakonso kumazimitsa kotheratu.

Mapulogalamu a pa Startup siiwakhudza, amadzukabe mukalowa mu akaunti. Za malaiti, laputopu ili ndi batire lamoyo ilibe nkhawa. Kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS, batire lija logwirizira malaiti akazima, ndiyo ili pa ngozi, koma ngoziyo ndi ya kuzima mwadzidzidzi disiki ikulemba, kaya Fast Startup ndi yoyaka kaya ayi. Oyenera kuizimitsa ndi amene ali ndi Linux ndi Windows pa kompyuta imodzi, chifukwa Linux imapeza disiki ya Windows ili yokiya. Ili pa Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, kenako Change settings that are currently unavailable.

A Kanjala, poyeza ngati zasintha gwiritsani Restart ndi wotchi ya pa foni, kuchokera pa chizindikiro cha kampani mpaka Disk itatsika pa 100%. Nambala ya Last BIOS time imene ili pamwamba kumanja pa gawo la Startup isakusokonezeni, imeneyo ndi nthawi ya Windows isanayambe, siisintha ndi mapulogalamu.

mwana_wa_Katete
Wina anene za Windows 10, Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025. Kompyuta yolandira mafulashi a anthu tsiku lililonse ikufunika kuganiziridwa.

Nsenga_boy
Ndipo malaputopu ambiri akale salandira Windows 11 chifukwa alibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo, kapena purosesa yawo ndi yakale. Amene asamukira ku Linux Mint, nkhani yomweyi ili pa Startup Applications, mafayilo ake ali mu ~/.config/autostart. Lamulo la systemd-analyze blame limaonetsa service iliyonse ndi nthawi imene yatenga.

wa_ku_Mwami
Linux pa shopu yosindikiza muyambe mwaona ngati pirinta ndi sikana zili ndi madalaivala ake. Komanso mafayilo a Word a makasitomala nthawi zina amasuntha mizere akatsegulidwa mu LibreOffice.

Kanjala_92
Za Linux tidzakambirana tsiku lina. Pakadali pano Edge ndi uTorrent zaleka, mausi akumvera msanga kuposa kale, ndipo wscript sindinaipeze. Zatsala ziwiri. Pa mndandanda pali china chongolembedwa Program, chopanda chizindikiro, chopanda Publisher, ndipo Open file location siikudinika. Ndi vairasi? Chachiwiri, ndikufuna Word yokha ndiyo izitseguka laputopu ikayaka.

Mphangwe_IT
Kawirikawiri si vairasi. Ndi chotsalira cha pulogalamu imene inachotsedwa koma mzere wake unatsala mu Run. Njira ya fayiloyo imayamba ndi C:\Program Files, ndipo Windows ikalephera kuipeza imadula pa mpata uja n'kungoonetsa liwu loyamba, Program. Kuti mutsimikize, dinani batani lakumanja la mausi pa mutu wolembedwa Name, muchonge Command line. Njira yonse ionekera ndipo dzina la pulogalamu yakaleyo mulizindikira. Ikaloza ku Program Files, ikani Disable, kapena muifufute mu Autoruns mmene ionekere yachikasu. Ikaloza ku AppData kapena Temp ndi dzina la zilembo zosamveka, tsatirani dongosolo la a MayiTekinishani lija.

Za Word, dinani Windows ndi R mulembe shell:startup, foda ikhale yotsegula. Dinaninso Windows ndi R mulembe shell:AppsFolder, mupeze Word, muikokere mu foda yoyamba ija kuti ipange shortcut. Ngati pali fayilo imodzi imene mumayamba nayo tsiku lililonse, monga ya malisiti, ikani shortcut ya fayiloyo m'malo mwake, Word idzatseguka nayo.

MayiTekinishani
Shortcut yokha a Kanjala, osati fayilo yeniyeniyo. Fayilo ikhale mu Documents. Tsiku lina wina poyeretsa foda ya Startup angafufute malisiti a chaka chonse.